Mizere Imene a Magalasi Anaiona

A Magalasi anali wokonza makompyuta m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ya nsalu, momwe fani inkalira tsiku lonse osachotsa kutentha. Dzinalo linachokera ku magalasi awo omangidwa ndi waya mbali imodzi. Kwa zaka zisanu ndi zinayi, akapeza mpata, ankalemba limodzi ndi gulu la anzawo akutali pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta, yoti mapulogalamu a kampani ina yaikulu azigwira ntchito mmenemo ngati ali kwawo. Makompyuta okalamba a pachipatala chaching'ono cha m'deralo ankayendera yomweyo. Mayi a kunyumba ankaitchula kuti mkazi mnzawo, ndipo sankanama kwenikweni.

Loya wa gululo, mayi wolankhula motsitsa, ankati ntchitoyi lamulo siliiletsa bola asunge mwambo umodzi. Ena ankayesa pulogalamu ya kampaniyo, kuona mmene imachitira, n'kulemba zimene aona m'mawu wamba. Olemba ngati a Magalasi ankangotsatira mawuwo. Mizere yachinsinsi imene kampani inalemba m'kati mwa pulogalamu yake sankaloledwa ngakhale kuisuzumira, chifukwa woiona sangalumbirenso kuti zimene akulemba n'zake.

Chaka chachinayi, makina osindikizira a pachipatala anakana kumvana ndi pulogalamuyo miyezi itatu yathunthu. Anamwino ankalemba zotsatira za magazi pamanja, a Magalasi akuonda ndi manyazi. Ndiye kunabwera mlamu wawo, munthu wodziwa aliyense ndi chilichonse, atanyamula fulashi, kachipangizo kosungira zinthu za pakompyuta. Mmenemo munali mizere ya kampani ija, imene wina anaiba n'kuimwaza.

"Alamu, mungoyang'ana basi," anatero. "Kuyang'ana kunayamba liti kukhala kuba?"

Anayang'ana mphindi zosakwana khumi, n'kubweza fulashiyo. Usiku womwewo analemba mizere khumi ndi iwiri motsatira zimene anaonazo, mawa lake makina anasindikiza. Anzawo anawatamanda, iwo osauza munthu za fulashi ija.

Patatha zaka zisanu kalata ya kampani inafika ku gululo. Inali yaulemu kwambiri, ndipo ulemuwo ndi umene unkaopsa. A Magalasi anayamba kudzidzimuka galimoto iliyonse ikaima pakhomo la sitolo. Chakudya chinkabwerera m'mbale, mayi a kunyumba n'kumaganiza kuti mwina ndi shuga.

Lachitatu masana loya uja anabwera yekha, n'kukhala pampando wothyoka msana. Anafotokoza kuti akatswiri a kampani apeza chinthu chaching'ono. Makina osindikizira akakana, pulogalamu ya gululo imayesanso kakhumi n'kasanu n'kawiri isanagonje, chimodzimodzi ndi yawo, pomwe nambalayo munthu wakunja sangaidziwe. Wolemba aliyense anayenera kusaina kuti sanaonepo mizere yoletsedwa. Wovomera kuti anaiona, zonse zimene analemba kuyambira tsikulo zichotsedwa, ndipo sadzalembanso. Wina akanama n'kugwidwa, khoti likhoza kutseka ntchito ya anthu onse mazana awiri.

A Magalasi anagwira cholembera. Ankaopa kundende, koma chimene chinkawapweteka koposa n'choti mizere ya zaka zisanuzo inalidi yawo, yotuluka m'mutu mwawo, kupatula khumi ndi iwiri ija.

"Mayi, nanga munthu akakhala kuti anaiwala zimene anaonazo?"

"Bambo, chaona maso mtima suiwala. Woweruza nayenso amadziwa zimenezo."

Anaika cholembera pansi n'kutchula tsiku limene anaona mizere ija, mwezi ndi chaka. Loyayo analemba osawayang'ana. Anawachenjezanso kuti amene adzalembe mwatsopano gawo lochotsedwalo asadzalankhule naye, ngakhale kumulozera poyambira, kuopa kuti nayenso angadetsedwe.

Sabata yotsatira namwino wamkulu anawaimbira foni. Makompyuta alandira pulogalamu yosinthidwa, yopanda mizere ya a Magalasi, makina asiya kusindikiza, ndipo odwala adzaza pabenchi kudikira zotsatira. Anawapempha kuti athamange, poti iwo ndi amene amaziwa matenda ake.

Yankho linali m'mutu mwawo, mzere uliwonse pamalo pake. Akanatha kulilemba tiyi asanazizire.

"Pepani mayi," anatero. "Zimenezo ine sindizidziwa."