Bokosi Linkaima M'malere

Ndimakakumbukirabe kathabwa kobiriwira kaja, kotalika ngati chipeso, kokhala ndi mano agolide mbali imodzi. Malume ankakatcha ramu, ndipo ankakagwira m'mphepete mokha, ndi nsonga za zala. "Wayamba wakhudza chitsulo cha bedi?" Limenelo linali lamulo, poti ati magetsi a m'thupi mwa munthu amapha ramu. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo malamulo a Malume ndinkawasunga kuposa a ku Sande sukulu.

Inali nyengo yozizira imene Agogo anamwalira ku Ntcheu. Ife tinali ku Joni, m'chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya eni ake ku Pitoliya. Amayi ankagwira ntchito ya m'nyumba kudera la Irene, ndipo mapepala awo anali atatha. Kupita kumaliro kunali kotheka, koma kubwerera ayi. Amene anapita anali Malume okha, mlongo wawo, ndipo anabwerako ndi fulashi yokhala ndi kanema wa maliro onse.

Kompyuta yathu inali yakale, abwana a Amayi anawapatsa m'malo moitaya. Kanemayo ankayenda movutika. Nyimbo zinkadukaduka, anthu ankayenda modumphadumpha, ndipo pofika kumanda, pamene adzukulu ankatsitsa bokosi ndi zingwe, chithunzi chinkauma gwa! Bokosi linkangoima m'malere. Lamlungu lililonse tikachoka kutchalitchi, Amayi ankaonera mpaka pamenepo, n'kudzuka kukachapa. Ine zinkandipsetsa mtima. Munthu alephere kuona mayi ake akuikidwa chifukwa cha chimakina chaulesi? Ndinati zimenezo ayi.

Malume ankagwira ntchito pa fakitale ya magalimoto ku Rosslyn, koma mtima wawo unali pa makompyuta. Anandifotokozera kuti makina athu analibe khadi la zithunzi, ankangobwereka mphamvu kwa ramu. Ramu ikathamanga, kanema ayenda. "Opanga amalemba liwiro lamantha," ankatero. "Kanthu aka kangathe kuthamanga kuposa pamenepa."

M'mawa, asanakakwere takisi, ankalowa m'bayosi, tsamba lotuwa la manambala lija, n'kukweza liwiro pang'ono, n'kuyambitsa pulogalamu yoyesa. Zotsalazo zinali zanga. Ndikaweruka ndinkathamanga, chikwama chikundimenya kumsana, kukaona sikirini ya buluu. Mzere wofiira ukaoneka, ndiye kuti ramu yalakwitsa, tapyola muyeso. Eish, mizere yofiira ija ndinkaida! Nthawi zina makinawo ankakaniratu kuyaka, kumangolira pii pii pii. Ndinaphunzira kuchotsa kabatire kozungulira, kudikira, n'kukabwezera, kuti aiwale zonse tiyambirenso. Tinachotsa chivindikiro cha m'mbali, ndipo ndinkasiya windo lotsegula kuti mphepo ya Julayi iziziritse ramu, ine ndikunjenjemera m'bulangete, fungo la fumbi lotentha lili m'mphuno.

Lero ntchito yanga ndi yomweyi, ndipo ndinganene mosaopa kuti tinkachita bwino. Akatswiri a masiku ano akweza, ayatsa, chayaka, basi ayamba kudzitama. Malume ayi. Ndikawauza kuti lero mzere wofiira unali umodzi wokha, tiuleke, ankandiyang'ana cham'mbali. "Umodzi ndi wofiira ndithu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, iwe mtsikana." Akatero ankabweza liwiro pang'ono, n'kusintha manambala ena, mawa tiyesenso.

Tsiku lina ndinapeza buluu yekhayekha. Mawa lake chimodzimodzi. Tinayesa ndi kanema wa mpira, osewera ankathamanga myaa, osadukiza. Ndinafuna kuika fulashi pomwepo, koma Malume anandigwira dzanja. "Maliro awa ayambe kuona ndi Achemwali."

Lamlungu ndinawakoka Amayi asanavule ndi nsapato zomwe. "Khalani apa, lero muona!" Anakhala. Mu kanemamo amayi a mumpingo, ovala zoyera, anaimba nyimbo yonse yosaduka. Tinafika kumanda, adzukulu anagwira zingwe. Bokosi silinaime. Linatsika pang'onopang'ono, pang'onopang'ono, mpaka linasowa. Kenako tinaona Malume akuponya dothi, ndipo tinalimva likugwera pa thabwa, phu!

Ndinaomba m'manja. "Zatheka, Malume! Zatheka!"

Ndinatembenuka kuti ndilandire zikomo wanga. Amayi anali atatseka pakamwa ndi chitenje. Kenako anatulutsa mfuu umene ndinali ndisanaumvepo, kulira kwa kumudzi, kotchula dzina, mpaka anzathu oyandikana nawo anathamangira pakhomo. "Mwawakwirira! Mayo ine, mwawakwiriradi amayi anga!" Malume anandigwira paphewa n'kunditulutsa. Anangoti, "Asiye alire, anachedwa."

Ndinaima panja, pa waya woyanikira zovala, nditakwiya kwabasi. Ndinkafunafuna pamene tinalakwitsa, poti mzere wofiira panalibe ngakhale umodzi. Sizinandifikire m'mutu kuti nyengo yonse ija Amayi sanadandaulepo za kompyuta, ndipo sanatipemphe kuti tiikonze. Malamlungu onse aja, bokosi likaima m'malere, iwo ankadzuka kukachapa mayi awo asanaikidwe.