Chipewa cha Bambo ku Mapanga a ku Chinhoyi

Pamwamba pa wadiropu kwathu ku Zengeza 2 pankakhala chipewa chachikasu cha kumgodi, chong'aluka pambali. Bambo anabwera nacho atawachotsa ntchito chifukwa cha chifuwa. Kutsokomola kwawo tinakuzolowera ngati kulira kwa tambala.

Tchuthi china, nkhondo itangotha kumene, anati tipite tikaone mapanga ku Chinhoyi. Amayi anakana kwamtuwagalu, koma bambo akati atero, atero basi. Amalume anabwereka kagalimoto kolira chokankha, ana tinakhala kumbuyo ndi mbatata zophika, fumbi likutilowa m'mano. Bambo anavala chipewa chija njira yonse.

Potsika masitepe anasanduka munthu wina. Anatsogola akugogoda thanthwe ndi ndodo, n'kumatchera khutu. Anati mwala wolimba umalira ngati belu, koma ukalira ngati ng'oma, thawa osacheuka. Ndinawayankha m'Chishona, osati m'chilankhulo cha kwawo, monga mwa chizolowezi chathu anafe, iwo n'kungogwedeza mutu. Pansi penipeni panali dziwe lobiriwira lili zii, mpweya wozizira ukununkha ndowe za mileme.

Pokwera ndiye panali nkhani. Tisanafike ndi pakati pomwe, bambo anakhala pansi, kukamwa kuli yasa, pachifuwa pakulira kamluzu. Amayi ankawakupiza ndi chitenje, akungoti, "Ndinanena ine, bambo a ana, ndinanena." Ine ndinangoima nditagwira chipewa chija. Mpweya unali ponseponse, koma panalibe woti n'kuutapa n'kuwapatsa.

Amalume anawabereka bambo kumsana ngati khanda, alendo ena akupatuka mwaulemu. Ine kumbuyo, chipewa chili kumutu, chikunditseka maso.

Titatulukira padzuwa, mpweya utabwerako pang'ono, ndinawauza bambo monyadira kuti ndikadzakula ndidzalowa mumgodi ngati iwo. Anandivula chipewacho n'kuchipereka kwa amayi.

"Pansi wapaona, mwanangu. Pakwanira. Iwe udzagwire ntchito poona dzuwa."

Ndinalira njira yonse yobwerera, ndikuti bambo ndi omana, chipewa chong'aluka chomwecho kundikaniza! Anatisiya mvula isanagwe. Tsiku lija, mutu wanga wonse unali pachipewa. Sindinkadziwa kuti mpweya wochepa umene unawatsalira anautsitsira kuphanga dala, kuti ndione ndi maso anga zimene pansi pamachita kwa munthu.