Wogwira Sileti wa ku Sakubva

Chimene mayi Elina ankapempha kwa amuna awo chinali chaching'ono, chithunzi cha mwana wawo Fanuel basi. Chithunzicho chinalipo chimodzi chokha padziko lonse, ndipo chinkapachikika pakhoma la kalasi ina ku Sakubva, mtunda woti munthu n'kupita n'kubwerako madzi a tiyi asanawire. Koma panatha chaka ndi miyezi inayi a Laison Thawale akungoyankha kuti, "Ndikapempha, amake Fanuel, ndikapempha." Chimene chinkawalemetsa miyendo ankachidziwa okha.

A Laison anali a ku Ntcheu. Anafika ku Umtali, mzinda umene lero timati Mutare, mu 1931, wapansi kudzera ku Tete, ndipo analembedwa ntchito yometa mipanda ya maluwa m'misewu ya khonsolo. Anzawo ankayamba akoka chingwe kuti mpanda uwongoke. Iwo ayi, ankangotsinzina diso limodzi, chisizasi n'kumalira, mpanda n'kutuluka ngati tebulo. Ku Murambi, kumtunda kumene kunkakhala azungu, madona ankaimitsa galimoto kuti aone. A Laison sankanyada nazo, ndiponso sankayankhula zambiri. Munthu akawauza kuti chitani ichi, iwo ankachita, ndipo ankachichita bwino.

Ku Sakubva, kumene kunkakhala anthu akuda a mzindawo, kunali kalabu ya anthu a ku Nyasalande amene anaphunzirapo ku yunivesite ina ya ku South Africa. Analipo khumi ndi anayi, aphunzitsi ndi makalaliki. Ena anamalizadi maphunziro, ena anabwerako ndi tayi yokha, koma Chingerezi ankachitafuna mofanana. Ankakumana Loweruka loyamba la mwezi m'kalasi ya sukulu ya mpingo. Wapampando anali a Winston, mphunzitsi wamkulu wokonda kudzimvera mawu ake, ndipo mlembi anali a Joseph, kalaliki wamantha amene ankayang'ana kumbuyo asanakhosomole.

Tisawanyoze kwambiri, chifukwa ndi iwowa amene analemba makalata mpaka Fanuel anapeza malo ku yunivesite kuja. A Laison sankadziwa ngakhale chilembo chimodzi, choncho anathokoza ndi manja. Ankanyamula mabenchi, kusesa, kuwiritsa tiyi, kutsuka makapu, ndipo denga likadontha okwera anali iwo. Palibe anawatuma poyamba, koma pasanathe chaka aliyense anali atazolowera kuwatuma.

Mwezi wa December uliwonse kalabuyo inkachita tsiku lothokoza. Ankaitana mayina a anthu ogwira ntchito mongodzipereka, ndi a ophunzira amene anzawo anawasankha kukhala atsogoleri, n'kuwapatsa setifiketi. Pomaliza pankabwera wojambula wa m'tauni. Mabwana ankakhala pamipando, ena n'kuimirira kumbuyo, ndipo a Laison ankanjuta kutsogolo atagwira sileti yaikulu yolembedwa chaka ndi choko. Wojambulayo ankakuwa kuti, "Kwezani, madala, chaka sichikuoneka!" Iwo ankakweza mpaka sileti kuphimba nkhope. Ndiye pa zithunzi zonse za pakhoma paja, a Laison analipo ngati zala zisanu ndi zitatu ndi mawondo awiri.

Chaka chimodzi chokha ndiye chinasiyana. Mu 1958 Fanuel anabwera kutchuthi atasankhidwa kukhala mtsogoleri wa ophunzira a ku Nyasalande. Analandira setifiketi yake, ndipo pojambula anakana mpando umene anamusungira. Anakaima kumbuyo kwa bambo ake, n'kuwaika dzanja paphewa.

"Bambo, tsitsani siletiyo," anatero.

"Chaka sichioneka, mwanawe."

"Chaka tikuchidziwa tonse. Tsitsani."

Anatsitsa. Ndicho chithunzi chokhacho chimene a Laison anaonekapo nkhope, maso atatong'ola ngati munthu amene wamuitana mwadzidzidzi. Wojambula ankatsuka chimodzi chokha chachikulu, ndipo chaka chotsatira anasamukira ku Beira ndi katundu wake yense.

Anali masiku a Chitaganya, pamene Nyasalande anamumangirira pamodzi ndi ma Rhodesia awiri, ndipo anyamata ophunzira sankabisa kuti sakuchifuna. Fanuel ankapita kumisonkhano ya chipani cha Kongeresi, n'kumaimirira kuyankhula. Kumapeto kwa February 1959, atatsala masiku anayi kuti abwerere kusukulu, boma linayamba kugwira anthu a Kongeresi. Anamutenga m'mawa, sutikesi yake ili yolongedza kale pansi pa bedi.

Tsiku lotsatira masana a Joseph anawapeza a Laison pantchito, thukuta lili kamukamu, n'kuwauza kuti wapampando akuwafuna msanga. M'kalasi muja anapeza chithunzi cha 1958 chili patebulo, atachichotsa kale m'galasi, pambali pake pali lumo latsopano.

"A Thawale, inu ndi munthu wamkulu, mumvetsa," anatero a Winston. "Apolisi akalowa muno n'kuona nkhope iyi pakati pathu, tonse ntchito zatha. Enafe tili ndi ana ang'onoang'ono."

Mwina mungafunse kuti bwanji sanangochibisa chonsecho. A Joseph anati pakasowa chaka chimodzi pakhoma apolisi afunsa. Zoona zake n'zakuti a Winston anatuluka bwino kwambiri pa chithunzi chimenecho, atavala suti yatsopano. Anagwirizana zochotsa mutu wa Fanuel wokha n'kumata pepala lakuda kuseri, kuti pazioneka ngati mdima wa khomo limene linali kumbuyo kwake. Koma onse awiri ankaopa kuphonya podula, ndipo munthu wa dzanja lowongoka mu Sakubva monse ankadziwika.

A Laison anayang'ana lumo lija. Mumtima anati, mwanayu ndi wanga, nkhope yake ndimaidziwa, akatuluka ndidzamuona ndi maso anga. Anatsinzina diso limodzi n'kuyamba. Anazungulira tsitsi, khutu, chibwano, osakhudza kolala ya malaya. Kachidutswako kanali kofanana ndi chikhadabo cha chala chachikulu. A Joseph anakaika pasosala n'kukayatsa ndi machesi, kanapindika n'kuda. Kenaka a Laison anatenga sosala ija kukaitsuka, poti kutsuka inali ntchito yawo. Apolisi aja sanabwere n'komwe m'kalasimo, chaka chimenecho kapena china chilichonse.

Fanuel anamutulutsa patapita chaka ndi theka, koma sanamulole kubwerera ku Sakubva. Anamuwolotsa malire kupita ku Nyasalande, dziko limene ankalimenyera koma anali asanalipondemo, popeza anabadwira ku Umtali. Anakakhala kwa amalume ake ku Ntcheu, akukhosomola kale. Mu August 1961 kunabwera kalata. Woiwerenga anali mwana wa anansi, ndipo inanena kuti chifuwa chija chinakula, ndipo maliro anaika masabata awiri apitawo.

A Laison sanalire. Anthu anabwera kudzakhuza, anansi Achishona akugwira chanza n'kumati "nematambudziko," iwo akungoyankha monga zimayankhidwira. Mumtima munali zii. Lolemba anapita kukameta mpanda, ndipo Loweruka loyamba la mwezi anapita kukanyamula mabenchi, chifukwa sankadziwa kuti Loweruka munthu amachitanso chiyani.

Mayi Elina anali asanalowepo m'kalasi muja. Pa tsiku lothokoza iwo ankangotumiza masikono m'beseni. Koma za chithunzicho ankadziwa, chifukwa Fanuel anawafotokozera akuseka mmene bambo ake anatong'olera maso. Maliro atatha anayamba kupempha.

"Bambo ake a Fanuel, ine nkhope ikundithawa," anatero tsiku lina akusankha nyemba pakhonde. "Ndikatsinzina ndikumaona kamwana kokwawa. Wamkulu uja, wa ndevu zongoyamba, sakubwera. Kapempheni, ngakhale angotibwereka sabata imodzi."

A Laison anati wapampando wachokapo. Mwezi wina anati makiyi asowa. Bodza sankalitha, moti ankanama atayang'ana pansi. Chimene sanathe kunena n'chakuti nawonso nkhope ija inali itawathawa. Akayesa kuikumbukira ankangoona kachidutswa kakupindika pasosala.

Pofika December 1962 mphepo inali itatembenuka. Aliyense ankaona kuti Chitaganya chikufa, ndipo anthu amene kale ankatseka mawindo akamva dzina la Kongeresi tsopano ankati anali momwemo kuyambira pachiyambi. Kalabu inaganiza zolemekeza anthu awiri pa tsiku lothokoza, a Laison chifukwa cha ntchito yawo ya zaka zisanu ndi ziwiri, ndi malemu Fanuel monga mtsogoleri wa ophunzira. A Joseph anabweretsa uthengawo okha kunyumba, n'kunena kuti mayi nawo abwere. Mayi Elina anachapa duku lawo loyera tsiku lomwelo. A Laison anafuna kunena kanthu, koma masiku anatha asananene.

Tsikulo anafika m'mawa monga mwa nthawi zonse n'kuyala mabenchi a mwambo wowalemekeza iwo omwe. Kalasi inadzaza. Anawakhazika kutsogolo, pampando weniweni, akazi awo pambali. Chithunzi cha 1958 chinali pakhoma la kumanja, m'mwamba ndithu, ndipo mayi Elina ankaponya maso pa zithunzi zonsezo osadziwa kuti chawo n'chiti.

A Winston anayankhula nthawi yaitali, theka m'Chingerezi. Anati Fanuel anali mwana wa kalabu, wolimba mtima, ndipo iwo ankanyadira naye ngakhale m'masiku ovuta. Kenaka anatembenukira kwa a Laison.

"Bambo awa," anatero, "m'zaka zonsezi sanakanepo ntchito ngakhale imodzi imene tinawapempha. Ngakhale imodzi!"

Anthu anawomba m'manja. A Laison anaimirira, kulandira masetifiketi awiri ndi manja onse, n'kukhala pansi. Sanamve kukoma ndipo sanamve kuwawa. Ankangomva kulimba kwa mpando, popeza anali asanaukhalirepo.

Apo m'pamene mayi Elina anadzuka. Akazi sankayankhula pa kalabu imeneyi, moti a Joseph anatsegula pakamwa, koma mayiwo anali atagwada kale.

"Zikomo, mabwana, chifukwa cha ulemu," anatero. "Mapepalawa talandira, koma ife kwathu kulibe wowerenga. Ine ndili ndi pempho limodzi. Mundipatse chithunzi chimene pali mwana wanga."

A Winston anayang'ana a Joseph, a Joseph anayang'ana nsapato zawo. Palibe anasuntha. Ndiye a Laison anadzuka, anakoka benchi, anakwerapo n'kuchotsa chithunzicho pamsomali, chifukwa kutsitsa zinthu za m'mwamba inali ntchito yawo. Anapukuta fumbi ndi mkono wa jekete, n'kuchipereka kwa akazi awo.

Mayi Elina anayamba aona amuna awo, maso ali tong'oo, sileti pachifuwa. Anaona dzanja paphewa pawo. Anakwera nawo mkono, anazindikira jekete imene anaisoka okha pachigongono, anafika pakolala yoyera. Pamwamba pa kolala panali mdima. Anapendeketsa chithunzicho kuti kuwala kwa pawindo kugwerepo, n'kuchiyandikiza kumaso. Anayang'ana nthawi yaitali m'mphepete mwa mdimawo, mmene unazungulirira khutu ndi chibwano popanda kuphonya.

"Wadula apa ali ndi dzanja labwino," anatero motsitsa mawu. "Sanakhudze ngakhale kolala."

Zaka makumi atatu anali akuona mipanda ya munthu ameneyu, ndi tsitsi la mwana wawo limene bamboyo ankalimeta yekha pakhonde. Anatukula maso.

"Bambo ake a Fanuel."

"Ndine," anatero a Laison.

Mayiwo sanakuwe ndipo sanalire. Anabwerera pampando wawo, anaika chithunzicho pamiyendo, n'kuika chala chachikulu pagalasi, pamene panali dzanja la mwana wawo. A Winston anakhosomola n'kulengeza kuti wojambula akudikira panja, dzuwa lisanapendeke.

Panja anawakonzera a Laison mpando wapakati, pafupi ndi wapampando, monga munthu wolemekezeka wa chaka chimenecho. Mayi Elina sanatuluke. Mabwana anakonza matayi, wojambula watsopano anaweramira makina ake, kenaka anadzuka n'kufunsa kuti nanga sileti agwira ndani. Anthu anayang'anizana. Sileti inali itatsamira khoma, a Joseph atalembapo kale 1962.

A Laison anadzuka pampando paja, anakaitenga, n'kukanjuta kutsogolo pamalo awo akale.

"Tsitsaniko pang'ono, madala," anatero wojambula, "nkhope sikuoneka."

Iwo sanatsitse.