Kama wa Anthu Awiri

Ndinachoka mumzinda wa Tete Lachiwiri m'mawa, nkhondo ili mkati, ndili ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri, ndilibe mkazi. Katundu wanga anali thumba la mabuku, mapoto awiri ndi kama wachitsulo wa anthu awiri. Kamayo ndinamugula kwa mwini sitolo wina amene ankatseka malonda ake. Ndinamugula chifukwa ndine wamtali. Panalibe chifukwa china.

Kusamukako ndinachita kupempha ndekha. Ku Tete tinkagona aphunzitsi anayi m'chipinda chimodzi, kukutentha ngati m'ng'anjo, wina aliyense ndi mkonono wake. Kalata yochokera ku Furancungo inati kumapeto kwa vila, katauni kakumeneko, kuli nyumba ya mphunzitsi, ya zipinda ziwiri, pakhomo pali mtengo wa mapichesi. M'munsi mwa kalatayo anawonjezera kuti nyumbayo ndi ya mphunzitsi wapabanja, wosakwatira azigona kusukulu m'chipinda chosungiramo makasu. Ndinati ndikakafika ndikafotokoza bwinobwino, adzandimva. Anthu a mumzinda timakhulupirira kwambiri kufotokoza.

Masiku amenewo galimoto sinkayenda yokha. Tinkayenda pa koluna, ndiye kuti mdipiti wa magalimoto, asilikali kutsogolo ndi kumbuyo. Anatiuza kuti tikafike kutsidya kwa mlatho wa Zambezi kusanache. Tinafika. Koluna inanyamuka dzuwa litayamba kale kuwotcha m'khosi.

Woyendetsa galimoto yathu, a Zhoze, anandilipiritsa mametikali mazana asanu. Kama anamulipiritsa chimodzimodzi, n'kuwonjezerapo sopo wamtanda.

"Mwayi wanu," anatero. "Uyu ali ndi miyendo inayi. Bwenzi akulipira kawiri."

Anamuimika pamwamba pa matumba a mchere n'kumumanga ndi zingwe. Ndisanakwere n'komwe, pamatiresi panali patakhala kale mayi wina wa zaka zoposa makumi asanu, mwendo uli m'chikhakha. Anali a Nabanda, a kufupi ndi Chidzolomondo, akuchokera kuchipatala. Sanapemphe. Anangoti, "Ndafewetsa kale malo, musavutike."

Tisanafike pa Matema anandifunsa. "Akazi anu akwera galimoto iti?"

"Ndilibe."

"Anamwalira?"

"Ayi."

"Anathawa?"

"Sindinakwatirepo."

Mkulu wina wa fodya wa m'mphuno anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Ndevu zonsezi mukagone m'gowelo ngati mnyamata? Kodi kwa asing'anga munayesako?"

Pa Matema tinasiya phula n'kulowa msewu wafumbi. Asilikali a pamenepo anangoyang'ana magiya athu, mapepala otiloleza kuyenda, n'kutenga mchere kapu imodzi. Vuto linatipeza pa Cazula, dzuwa lili paliwombo. Sarijento wina wachinyamata anawerenga giya yanga katatu, kenaka anayang'ana kama.

"Kamarada purufesoli, apa alemba kuti solteiro, wosakwatira."

"Ndi zoona."

"Dziko lili pankhondo. Anthu akugona atatu pamphasa imodzi. Inu nokha kama wa awiri? Theka linalo ndi la dziko."

Ndinayamba kufotokoza za kutalika kwanga. Iye anati popeza chitsulo sichidulika ndi mpeni, dziko litenga kama yense, ine ndidzalemba kalata yopempha theka langa. Anaitana anzake awiri kuti amasule zingwe.

"Iwe mwana," anatero a Nabanda osasuntha, "ukatsitsa kamayu unditsitsire pamodzi, uzikandiphikira. Awa ndi amuna anga."

"Pepala likuti alibe mkazi."

"Anatikwatitsa ndi pepala? Ankhoswe alipo."

"Ndine pano," anatero mkulu wa fodya uja, akukweza dzanja.

Sarijento anandiyang'ana, n'kuyang'ana iwo. "Koma akuoneka aang'ono kwa inu, mayi."

"Ndinachita kusankha. Amayi ako akanasankha bwino chonchi, bwenzi uli wamtali."

Asilikali anzake anaseka mpaka wina anatsamira tayala. Sarijento anatembenukira kwa ine. "Ndi zoona, kamarada?"

Chibadwire ndinali ndisananamizepo boma. Ndinayang'ana kama uja. Ndinati, "Ndi momwemo."

Ukwati unayamba kundidya pomwepo. "Bambo a kunyumba, njala," anatero a Nabanda. Ndinagula chinangwa chootcha cha mametikali makumi awiri ndi masawu odzaza chipewa. Ankhoswe nawonso anati mwambo sulola kuti iwo aziyang'ana. Galimoto yonse inayamba kundilangiza za banja. Mayi wina anati ndisamawerenge buku mkazi akulankhula. Ndinatseka buku.

Titadutsa Cazula nthabwala zinachepa. Msewu unayamba kukwera, mitengo inayandikira. Malo ena tinkaima, asilikali n'kutsika kuyenda pansi patsogolo, akuyang'ana dothi ngati munthu wotaya singano, kuopa mabomba okwirira. Tinadutsa galimoto yopsa ili chagada m'mbali mwa msewu. Palibe anailoza. A Zhoze anasiya kuimba mluzu.

Pa Chidzolomondo tinafika dzuwa litapendeka. Apa ndi pamene a Nabanda anayenera kutsika. Ndinali nditakonza kale mawu othokoza. Koma panalibe munthu wowachingamira. Mayi wina wogulitsa nthochi anayandikira galimoto, nawauza kuti anthu a m'tchire anatentha mudzi wawo Loweruka. Anthu onse ali moyo, anathawira ku Furancungo, akugona pakhonde la msika.

A Nabanda anafunsa za mbuzi. Mayiyo anapukusa mutu. Anafunsa za nkhokwe. Anapukusanso. A Nabanda anasisita chikhakha chawo. Kenaka anamenya matiresi ndi dzanja. "A Zhoze, tiyeni."

Kumtunda kunayamba kuzizira, mphepo imene ife a ku Tete timangoimva m'nkhani. A Nabanda ndinawapatsa jekete langa. Nthawi imeneyi palibe ananena nthabwala.

Tinalowa mu Furancungo dzuwa lisanalowe. Pamalo otsikira panali patayima mkulu wina wa jekete lalikulu kuposa iye, kiyi ali pachingwe m'khosi. Anali a Kalisitu, sekeletariyo wa dera limene kunali nyumba ija. Mbiri inali itafika kale ndi galimoto yoyamba: mphunzitsi watsopano wabwera ndi mkazi, ndi kama.

"Kamarada sekeletariyo," ndinayamba, "pali kanthu kofunika kufotokoza. Giya yanga ikuti..."

"Mapepala a ku Tete amachedwa," anatero. Anavula kiyi, nandidutsa, nakamupereka kwa a Nabanda ndi manja awiri. "Takulandirani, mayi. Kuno nyumba ndi ya mkazi."

Kama anamunyamula amuna anayi, a Nabanda ali pomwepo ngati mfumu. Tinadzera kumsika. Pakhonde panatuluka ana awo aakazi awiri ndi adzukulu asanu, aliyense ndi kamtolo kamodzi. Pomaliza panatuluka mkulu wina wamfupi, wa imvi, wopanda nsapato. Anali a Phiri, amuna awo enieni. Ndinayang'ana njira yothawira. Iwo anandigwira dzanja mwamphamvu.

"Mnzanga, ndamva zonse," anatero. "Ine ndavutika ndekha zaka makumi atatu. Tsopano tizithandizana."

Nyumba inalipodi, kumapeto kwenikweni kwa vila, minda ya chimanga n'kuyambira pomwepo. Mtengo wa mapichesi unalipo. Kalata sinaname.

M'mawa mwake ndinavala malaya oyera n'kupita kwa a Kalisitu kukafotokoza. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, akusongola pensulo ndi lezala. Zinaoneka kuti palibe chimene ndinawauza chachilendo. A Phiri anali anzawo a kutchalitchi.

"Njira zilipo ziwiri, a purufesoli," anatero. "Mukati simunakwatire, nyumba ibwerera ku boma lero. Inu kumakasu, ana aja kukhonde la msika. Mukati munakwatira koma banja latha, mwambo wa kuno mukuudziwa. Mwamuna amanyamula bulangeti lake n'kumapita."

"Nanga kama?"

"Kama ndi wa m'nyumba."

"Nanga a Phiri?"

"Ndawalemba kuti ndi atsibweni a akazi anu. Akudandaula ndani?" Ananyambita pensulo. "Ndilembe iti mwa njira ziwirizi?"

Ndinakumbukira khonde la msika lija, lopanda khoma kumbali yochokera mphepo. Mdzukulu wamng'ono anali atatsokomola mpaka kucha.

"Musalembe kanthu," ndinatero.

"Ndinadziwa kuti ndinu munthu wophunzira."

Ndinakhala m'nyumba imeneyo mvula ziwiri, mpaka nkhondo inafika mu vila momwe, tonse n'kuwolokera ku Malawi wapansi. Pakama pankagona a Nabanda, a Phiri ndi adzukulu atatu mopingasa kumiyendo. Ine ndinkagona pamphasa m'chipinda cha kutsogolo, mapazi atagunda chitseko. A Nabanda ankandidzutsa m'mawa ndi mawu akuti, "Bambo a kunyumba, nkhuni," ine ndi a Phiri n'kunyamuka limodzi, chifukwa sitinkadziwa amene akuitanidwa. Malaya anga anali asanachapidwepo bwino chotero.

Ndinachoka m'chipinda cha anthu anayi kuti ndikakhale ndekha, ndipo ndinakafika m'nyumba ya anthu khumi. Amene akufuna kusamukira kumalo aang'ono kuti akapume phokoso adziwe kuti mumzinda ndi mokhamo mmene munthu angakhale wosakwatira popanda kufunsidwa. Za sarijento wa pa Cazula ndinamukhululukira kalekale. Anangolakwitsa masamu. Iye ankati dziko litenga theka.