Tsiku Limene Ndinachotsa Dzimbiri pa Zida za Bambo

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, mwana wamkazi wa tenanti pa esiteti ina ya fodya cha ku Lisasadzi. Bambo anabwera kuchokera ku Phalombe ndi kathumba ka zida za ukalipentala: sowo, hamala ndi matchizulo atatu. Ankati tsiku limene adzatope ndi fodya wa eni, zida zimenezi ndi zimene zidzatidyetse. Koma zinkangokhala kudenga, zili psuu ndi dzimbiri, ndipo ine zinkandichititsa manyazi.

Aphunzitsi athu a sayansi atationetsa njira yochotsera dzimbiri ndi magetsi, sindinafunse munthu. Loweruka, bambo ali m'chigafa kusoka fodya, ndinabwereka batire la galimoto limene anzathu oyandikana nawo ankaimbira wailesi. Ndinasungunula soda wochapira m'ndowa ya pulasitiki, n'kumizamo zida zija ndi khasu lakutha, osazigunditsa. Waya wakuda ndinamanga ku zida, wofiira ku khasu. Madzi anayamba kuchita thovu lonunkha chitsulo, dzimbiri likusendeka lokha. M'mawa mwake nditazikwecha, mayo ine, zinali waliwali! Ndinaziyanika pathandala kuti aliyense aone nzeru zanga.

Woyamba kuona anali kapitawo wa esiteti.

"Tenanti zida zatsopano wazitenga kuti? Izi n'zamusitolo ya esiteti!"

Bambo anathamanga kuchokera m'chigafa, chipewa chili m'manja. "Bwana, n'zanga, ndinabwera nazo."

"Zako zija ndinaziona ine, zinali zinyalala."

Kapitawo uja anazimanga pakaliyala wa njinga yake, tonse tikuona. Mbava yopanda manyazi! Bambo anga, munthu waimvi, akumutchula kuti bwana mnyamata woba masanasana, ndipo palibe tenanti amene anawaikira kumbuyo.

Ndinadikira chikwapu, koma sichinabwere. Bambo anangokhala pansi n'kunena kuti, "Esinati, ukuyesa mchenga ndi mafuta ochotsera dzimbiri sindiwadziwa? Dzimbiri lija ndinkalisiya dala."

Zaka zambiri ndakhala ndikudzida, kumati kupupuluma kwanga kunapha bambo, pakuti anamwalira ali tenanti, osagwiranso thabwa. Lero ndakula, ndipo ndakana kudziimba mlandu. Phunziro ndinalimva, loti uzifunsa kaye usanakonze cha wina. Koma mkwiyo wanga ndaupereka kwa mwini wake. Mwana wotsuka zida za bambo ake sanalakwe. Wolakwa ndi amene anaphunzitsa mmisiri kuti chake chizioneka chakutha, apo ayi amulanda.