Wokonza Piyano wa ku Mtunthama

Mdala amene amakonza piyano yaikulu ya pasukulu ina ku Mtunthama sadziwa kuwerenga manotsi a nyimbo. M'mawa amasankha fodya wake, masana amamangitsa nsambo za piyano, ndipo salankhula zambiri. "Chinthu chisiye chikuuze chokha," amatero.

Mnyamata wina, Duncan, zimenezi zimamuwawa. Iye anaphunzira nyimbo kunja zaka zinayi, n'kubwera ndi piyano yamagetsi yotsanzira mawu a piyano zazikulu, koma anthu amakhulupirirabe khutu la mdalayo.

Tsiku lina Duncan anaika piyano yake yamagetsiyo pasiteji, pambali pa yaikuluyo. "Madala, yang'anani kukhoma, muzinena imene ikulira. Mukasokoneza, muvomere pamaso pa aphunzitsiwa kuti n'zofanana."

Mdalayo anavula nsapato, n'kutembenuka. Duncan analiza kasanu, mosinthasintha. Kasanu konse mdalayo analondola.

"Mwadziwa bwanji?"

"Makutu okha akanandinamiza, mwanawe, yakoyo ikuimba bwino zedi. Koma yaikuluyo imanjenjemeretsa matabwa a pansiwa, imadzandipeza kumapazi."

Aphunzitsi anaseka. Duncan anayang'ana nsapato zake zonyezimira zogula kunja. Anadikira kuti onse atuluke kaye, kenako anawerama n'kuyamba kumasula zingwe za nsapatozo.