Pikapu Yodontha ku Mitundu Kokha

Ndivomereretu: madzi amene ankapezeka pansi pa pikapu ya abambo chilimwe chija ndinkathira ndine. Mpaka lero ndikamva fungo la dzira lopserera losakanikirana ndi fodya ndi chitsulo chotentha, ndimaona msewu wafumbi wochoka ku Mitundu kupita ku Nathenje, boneti ili yasaa, abambo akuzungulira galimoto manja ali kumutu. Ndinali Fomu 2 pa sekondale yoyendera, ndipo m'mutu mwanga munali chilichonse kupatula masamu.

Pikapuyo kale inali yoyera, koma pofika nthawi imeneyo inali itatenga mtundu wa dothi la kwathu. Abambo anaigula atapuma pa uphunzitsi, ndipo ndi imene inkatidyetsa. Inkanyamula matimati a kudimba kwa amayi, mabelo a fodya a anthu, nthawi zina odwala. Chitseko cha kumanzere ankamanga ndi waya. Koma mukanawamva akuitama pamsika, mukanati yangotuluka kumene m'sitolo. "Iyi sidontha ngakhale kadontho," ankatero uku akuimenya boneti ndi chikhatho. Ine kundikweza ayi. Ankandipitirira pamsewu ndikupita kusukulu, kumbuyo kulibe kanthu, n'kundisiyira fumbi pa malaya oyera, ati mwana wasukulu azilimbitsa miyendo.

Ntchito yanga m'mawa uliwonse inali yotunga madzi kumjigo, zigubu ziwiri panjinga. Tsiku lina pobwera ndinaima pa mtengo wa mango pamene pikapu inkagona. Sindinaganize nthawi yaitali. Ndinapungulira madzi m'kapu, n'kutambasula dzanja pansi pa injini, n'kukhuthula. Dothi louma lija linamwa msanga n'kusiya banga lakuda lalikulu ngati mbale.

Abambo atatuluka ndi tiyi wawo anangoti chilili. Kenako anagwada, thalauza losita lili m'fumbi, n'kukhudza dothi ndi chala. Anatsegula boneti, anamasula chitsekerero cha rediyeta, n'kupeza madzi atatsikadi pang'ono. Ndinadzadziwa pambuyo pake kuti ankatsika tsiku lililonse, chifukwa abambo ankadzaza mpaka pakamwa, ndiye injini ikatentha inkalavula owonjezerawo pa kapaipi ka m'mbali. Koma m'mawa umenewo galimoto yomwe inandiikira umboni. Ndinapita kusukulu nthiti zikuwawa ndi kuseka.

Ndinkati ndichita kamodzi kokha. Ndinachita masabata atatu.

Abambo anayamba ndi mapaipi. Anawafinya imodziimodzi ngati akusankha mapeyala, anamanga zomangira zake mpaka chimodzi chinathyoka, ndipo paipi ya pansi anaikulunga ndi mphira ya chubu. Ankagona chagada pa thumba la feteleza, tochi kumanja masana dzuwa likuswa mtengo, thukuta likulowa m'makutu. Rediyeta yonse anaipukuta ndi nsanza kuti aone ponyowa, osapaona. Ankaliza injini n'kuima pambali kudikira dontho, koma pansi panali gwaa. Kutacha, banga lili pompo. Choipa changa chenicheni chinali chakuti nthawi zina ndinkapumira masiku awiri. Abambo ankayamba kuimba kamluzu ka nyimbo ya kutchalitchi, kuuza aneba kuti apapeza, ndiye tsiku lachitatu ine n'kubwera ndi kapu yanga.

Pakhomo panavuta. Kutentha kwa Okutobala kunali kwakuti malata ankachita kulira, nyenje zikusokosa m'mitengo, ndipo abambo ankakalipira aliyense, ngakhale nkhuku. Amayi anawauza kangapo kuti, "Bambo a Yami, pitani nayo kwa amakaniko." Iwo n'kuyankha ali pansi pa galimoto, miyendo yokha ikuoneka: "Ndaphunzitsa sayansi zaka zonsezi, kabowo kamodzi kandikanike?"

Apa ndi pamene analowerera a Nasoni, neba wathu, amene paunyamata wawo ankayenda pa lole yonyamula fodya ndipo kuyambira pamenepo ankadziwa chilichonse cha injini. "Aphunzitsi, musadzivute," anatero. "Swerani dzira laliwisi mu rediyetamo. Likapsa limakatseka lokha pobooka. Likakana, fodya wopera masupuni awiri." Abambo anakana tsiku loyamba, ati zimenezo si sayansi. Tsiku lachiwiri ndinawaona akutuluka m'khola la nkhuku dzanja lili m'thumba. Dzira linalowa. Ine ndinapumira. A Nasoni anayenda mudzi wonse chifuwa chili patsogolo. Banga litabwerera linalowa dzira lachiwiri, kenako lachitatu, kenako fodya, ndipo m'mene sabata inkatha ngakhale abambo eni ake sankadziwa kuti mwalowa zingati.

Loweruka lina amayi anathyola matimati ambiri kuposa nthawi zonse, ofiira psuu, oti akagulitse kwa ogula a m'tauni amene ankaima m'mbali mwa msewu waukulu ku Nathenje m'mawa. Ananditenga kuti ndikatsitse madengu, ndiye kwa nthawi yoyamba ndinakwera pikapu ija, nditakhala pamwamba pa katundu ngati bwana. Titadutsa theka la ulendo, injini inayamba kulira mwachilendo, ngati ili ndi chifuwa. Kenako nthunzi inatuluka m'mbali mwa boneti, ndipo fungo lija linatipeza. Abambo anazimitsa. Tinadikira kuti izizire, tinathira madzi a m'chigubu, tinayenda pang'ono, inawiranso. Kachitatu sinalire n'komwe.

Pamalopo panalibe mthunzi, minda yokhayokha yogalauzidwa kudikira mvula. Dzuwa linakwera, matimati anayamba kufewa, ndipo madzi ake ankayenderera pansi pa madengu n'kudonthera m'fumbi. Amayi anavula chitenje chapamwamba n'kufunditsa madengu awiri amene chinakwanira, kenako anakhala pansi m'mbali mwa msewu. Apo pokha kuseka kunandithera. Amene anatipulumutsa anali mkulu wina wa ngolo, amene anatikoka ndi ng'ombe zake ziwiri mpaka ku Nathenje, ana akutithamangira m'mbuyo n'kumakuwiza. Tinafika masana, ogula atapita kalekale. Matimati ena amayi anangowapereka kwa amayi a pamsika pa mtengo wachisoni, ena anatayidwa.

Makaniko anali a Lufeyo, bambo wamfupi wosapupuluma, galaja yawo ili chisakasa cha malata kuseri kwa mashopu. Anachotsa rediyeta, anaitembenuza, n'kuthiramo madzi. Munatuluka zibuma zabulauni, zina zoyererako, zonunkha moti agalu anasendera. "Aphunzitsi," anatero osaseka, "mumaphika chiyani muno?" Timipata tonse toyenda madzi tinali titatsekeka. Atatsuka, anatseka pakamwa pake ndi mphira, anapopera mpweya ndi pampu ya njinga, n'kuimiza m'mgolo wa madzi ngati mmene timafufuzira pobooka pa chubu. Thovu silinatuluke ngakhale limodzi. Anayang'ana oilo kuti aone ngati wasanduka ngati tiyi wamkaka, anali wakuda bwinobwino. Anagwira pansi pa pampu ya madzi, panali pouma.

Galimoto inatsala komweko masiku awiri, katoni itayalidwa pansi pake. Zimene zinachitika abambo atapita kukaitenga ndinazimva patapita nthawi. A Lufeyo anawaonetsa katoni youma n'kunena kuti, "Kwanga kuno sidontha. Kapena imadontha ku Mitundu kokha." Kenako m'malo mwa madzi a pamjigo anathiramo madzi obiriwira aja a m'botolo, amene amati kulanti, n'kuwauza kuti aziyala katoni kunyumbanso. Abambo anabwera osauza munthu.

Mwana wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinapirira masiku anayi. Lachisanu abambo anandipitiriranso pamsewu, hutala n'kundiimbira, ndipo Loweruka m'mawa dzanja langa linapita lokha ku kapu. Katoni ndinaiona, koma ndinati ndiye bwino, banga lioneka bwinobwino.

Ndikuimika njinga, abambo anandiitana. Anali atakoka katoni ija n'kuiika poyera, madzi anga ali mbee pamwamba pake. Anatenga mpango wawo woyera, anaviika nsonga mu rediyeta, inatuluka yobiriwira ngati nkhwani. Amayi anali ataima pakhomo, tsache lili m'manja.

"Yamikani, iwe wa kusekondale," anatero abambo mofatsa, mawu aja a m'kalasi. "Tandifotokozera. Madzi obiriwira akamagwa kuchoka apa kufika apa, mtundu amausiya pati?"

Ndinayesetsa. Ndinaluma mlomo, ndinayang'ana zala za kuphazi, ndinaganiza za maliro. Koma m'maso mwanga munabwera dzira lachitatu, ndipo kuseka kunatulukira m'mphuno.

Tsache la amayi linandipeza kawiri pamsana abambo asanawagwire dzanja. Abambowo sanandimenye. Anangoti popeza ndimakonda kuthira madzi, dimba lonse la amayi ndizithirira ndekha, m'mawa ndisanapite kusukulu ndi madzulo ndikaweruka, mpaka mvula itagwa. Chaka chimenecho mvula inachedwa ngati inauzidwa.

Nthawi imeneyo ndinkaona kuti ndapambana, ndagwetsa munthu wodzitama ndi kapu imodzi. Lero ndili ndi ana anga, ndipo ndimadziwa kuti kwa masabata atatu abambo ankadzuka m'mawa uliwonse akuganiza kuti chinthu chokhacho chotidyetsa chikufa m'manja mwawo, ndipo analibe poti n'kupeza china. Pa chifukwa chimenechi nkhaniyi sindiikamba amayi ali pafupi.

Koma za chilangocho ndisaname, sichinandipweteke. Makheni awiri othirira tsiku ndi tsiku anandikulitsa mapewa moti malaya a sukulu anayamba kuthina, ndipo atsikana a Fomu 3 otunga madzi kudambo anayamba kundipatsa moni ndi dzina. Matimati amene anapsa pa ulimi wanga anali okoma kuposa onse, ndikudziwa chifukwa akuluakulu ake ndinkadyera konko ndi mchere wa m'thumba.